Amene Ankapeta pa Denga ku Buruburu

Tsiku limene Immaculata Chimphonda anamva koyamba kupeta kuja, ankaanula zovala kuseri kwa nyumba imene ankakhala ku Buruburu, mu Nairobi. Linali Lachitatu, dzuwa litapendeka. Ndege zinkatsika motsatizana kulowera ku bwalo la ndege la ku Embakasi, ndipo kunja kwa mpanda makondakitala a maminibasi otchedwa matatu ankakuwa kuitanira anthu opita m'tauni. Akuchotsa chitenje chomaliza pachingwe, anamva phokoso pamwamba pa malata: tseche, tseche, tseche, kenaka kugogoda kamodzi, monga amachitira mayi akamapeta mphale. Pamodzi ndi phokosolo panatsika fungo lolemera, longa la nsatsi zopserera.

Anakweza maso. Padengapo panalibe kanthu, ngakhale khwangwala.

Sanathawe, chifukwa kumva zimene ena sakumva ndiwo anali matenda ake. Zaka zitatu m'mbuyomo Immaculata anali munthu woti Amalawi a mu Nairobi ankamuloza monyadira. Ankagwira ntchito yomasulira ku bungwe lina la mpingo ku Kilimani, ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya Amalawi, ndipo anali pa chitomero ndi Gregory, mnyamata wofatsa wa ku Dedza. Kenaka m'mutu mwake munayamba kulankhula amuna awiri, omwe ankanyoza chilichonse chimene wachita. Tsiku lina anamupeza pa msewu wa Ngong wopanda nsapato, akukangana nawo mokweza. Anakhala m'chipatala miyezi iwiri. Potuluka anapeza ntchito yake ataipereka kwa Lusayo, nyimbo zake akutsogolera Yewo, ndipo chaka chisanathe Gregory anakwatira Thandiwe.

Amene anamutsalira ndi mkulu wake Margaret, yemwe anachoka ku Ntcheu kudzamusamalira. Anthu ankamutama Margaret mpaka pa guwa. Ankati m'bale wotere ndi wosowa.

Dokotala wake anali atamuphunzitsa njira imodzi yosiyanitsira zinthu. Ukamva mawu, jambula pa foni. Za m'mutu sizilowa m'foni. Choncho madzulo amenewo Immaculata anaika zovala pansi, nakweza foni m'mwamba. Atamvetsera zimene wajambula, thupi lonse linachita tsembwe. Kupeta kuja kunalimo.

Anathamangira m'nyumba.

"Achemwali, tamverani ichi."

Margaret anaika foni kukhutu, nkhope ili phee. "Ndikungomva ndege ine."

"Pansi pa ndegeyo. Wina akupeta."

"Ima, mapiritsi ako wamwa?" anafunsa Margaret, akumutchula dzina la kunyumba.

M'mawa mwake, zimene anajambula zija munalibe m'foni. Immaculata anayamba kukayika ngati anajambuladi.

Loweruka la sabata yomweyo Lusayo anafa. Anagwa m'matatu akupita ku Kilimani, mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi amene sanadwalepo ngakhale malungo. Madokotala anati ndi mtima. Koma amuna amene anakasambitsa mtembo anabwerako akunong'onezana kuti tsitsi lake linkangotsalira m'manja ngati nthenga za nkhuku yoviika m'madzi otentha.

Pa maliro Immaculata sanalire, ndipo anthu anaona. Chimene anthu sanadziwe n'chakuti mantha ndiwo anamuumitsa maso. Lamulungu lapitalo, Margaret akumuluka tsitsi monga ankachitira Lamulungu lililonse madzulo, anacheza za Lusayo. Immaculata atakhala pansi pakati pa miyendo ya mkulu wake, chipeso chikuyenda m'mutu, ananena mawu awa: "Lusayo ndimamuchitira nsanje, achemwali. Akukhala pa mpando wanga."

Nsanjeyo inali yeniyeni, ndipo iye sankaikana. Inkamudya ngati nankafumbwe m'chimanga. Akaona chithunzi cha Lusayo pa gulu la pa foni la Amalawi, atavala tayi pa msonkhano, chakudya chinkamuwawa m'kamwa. Akamva Yewo akukweza mawu pa Misa, pamalo pomwe iye ankakwezera, ankatuluka m'tchalitchi n'kukaima padzuwa mpaka nyimbo ithe. Za Thandiwe ndiye zosanena. Ankadziwa mtundu wa makatani a m'nyumba mwake ngakhale anali asanalowemo.

Patapita miyezi iwiri, Lachitatu lina, kupeta kuja kunabweranso. Ulendo uno Immaculata ankasankha ndiwo zamasamba za sukuma pakhomo, ndipo phokosolo linayenda pamalata kuchokera kumpoto mpaka kumwera, n'kuzimiririka cha kumsika. Madzulo omwewo mawu a Yewo anaduka pakati pa nyimbo pa maphunziro a kwaya. Anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Lachisanu anzake a ku koleji anapeza pilo wake atadzaza tsitsi. Loweruka anatsirizika.

Apa ndiye mphekesera zinabuka. Amalawi a mu Nairobi si ambiri, ndipo amadziwana ngati anthu a mudzi umodzi. Anayamba kuwerenga pa zala. Wotenga ntchito ya Immaculata wapita. Wotenga nyimbo zake wapita. Mayi wina analumbira kuti anamuona ataima kunja kwa tchalitchi, milomo ikugwedera, maso ali pa Yewo. Wina anati misala ija si matenda ayi, ndi zizimba zimene zinamubwerera. Pa Misa benchi imene iye wakhala inkatsala yopanda anthu. Ngakhale mama mboga, wogulitsa ndiwo zamasamba pa geti, mayi wa Chikikuyu amene sankadziwa Chichewa, anamva nkhaniyo ndipo anayamba kumuikira tomato pa thebulo m'malo momupatsa m'manja.

Margaret yekha ndiye ankamuteteza, koma chitetezo chake chinkasiya bala. "Musamuweruze mng'ono wanga," ankatero pamaso pa anthu, misozi ili m'maso. "Sadziwa chimene akuchita."

Choopsa kwambiri chinali chakuti Immaculata nayenso anayamba kukhulupirira. Dzina la Yewo analitchulanso Lamulungu, masiku atatu kupeta kusanamveke. Amuna awiri a m'mutu aja, amene mankhwala anali atawafooketsa, anapeza nyonga. "Ndiwe," ankatero mmodzi. "Tamva fungo la mutu wako," ankatero mnzake. Ndipo akadzinunkhiza ku nsonga za tsitsi ankapezadi fungo la nsatsi. Analumbira mumtima kuti sadzatchulanso dzina la munthu.

Analephera. Lamulungu lina la mwezi wa Ogasiti, potuluka m'tchalitchi, anaona Gregory akumuthandiza Thandiwe kutsika masitepe, dzanja lili kumsana kwake. Thandiwe anali woyembekezera. Immaculata anabwerera kunyumba. Madzulo anakhala pansi kuti alukidwe, ndipo Margaret anayamba ndi mawu ofewa.

"Wamuona Thandiwe lero?"

"Ndamuona."

"Mimba yamukhala bwino. Mwana uja akanakhala wako, Ima."

Immaculata analuma mlomo mpaka kulawa magazi.

"Lankhula, mwana wa mayi anga. Chosunga mumtima chimadwalitsa. Ukumva bwanji ukamuona?"

"Nsanje," anatero Immaculata akulira. "Thandiwe ndimamuchitira nsanje."

Lachitatu kunapetedwa padenga. Lachinayi Thandiwe anakomoka kubafa ndipo anamugoneka m'chipatala. Loweruka linadutsa ali moyo, koma akumka nafooka, tsitsi likuthothoka mbali imodzi. Anamwino ankati mwina chimene chikumugwiriza ndi mwanayo.

Loweruka lomwelo Gregory anabwera ku Buruburu. Sanalowe m'nyumba. Anaima pageti, maso ali psuu.

"Immaculata, ngati ndinakulakwira, lakwira ine. Mkazi wanga musiye."

"Sindinamuchite kanthu, Gregory."

"Achemwali ako atiuza kuti unasiya kumwa mankhwala. Akuluakulu agwirizana. Sabata ikubwerayi ikatha, Lolemba, ukagonekedwa kuchipatala, ukatuluka ubwerera kumudzi."

Anatembenuka n'kumapita. Immaculata anatsala pagetipo ataima ngati chitsa. Mwa zonse zimene Gregory ananena, chimodzi chinamukhala m'khutu. Mankhwala anali asanadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Ankamwa pamaso pa Margaret, ndipo Margaret yemweyo ndiye ankamutungira madzi.

Matenda ake anali atamulanda zambiri, koma anamuphunzitsa luso limodzi limene anthu abwinobwino alibe: kusakhulupirira chinthu asanachiyese. Zaka zitatu ankayesa liwu lililonse, chithunzithunzi chilichonse, kuti adziwe cha kunja ndi cha m'kati. Anakhala pabedi n'kuyamba kuganiza mwa njira yomweyo. Nsanje ankakhala nayo tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, koma anthu sankafa tsiku lililonse. Ankafa iye akatchula dzina. Ndipo mayinawo ankawatchulanso kwa dokotala mwezi ndi mwezi, osachitika kanthu. Ankawalembanso m'kabuku kake. Malo amodzi okha ndiwo ankabala maliro: pamene Margaret ankamulukira tsitsi.

Anaganiza zoyesa, koma osati pa munthu. M'kabuku analemba kuti akuchitira nsanje tambala wa eni nyumba. Kwa dokotala anatumiza uthenga woti akuchitira nsanje mphaka wa mama mboga. Lamulungu madzulo anakhala pansi, napereka mutu.

"Thandiwe akuti akadali moyo," anayamba Margaret, akugawa mzere ndi chipeso.

"Za Thandiwe zanditopetsa. Mukudziwa amene ndikumuchitira nsanje masiku ano? Bosko."

Chipeso chinaima. "Galu wa anebawa?"

"Eya. Amadya, n'kugona padzuwa. Samwa mapiritsi, palibe amamuloza chala. Bosko ndimamuchitira nsanje, achemwali."

"Usamaseweretse pakamwa, iwe!" Margaret anakoka tsitsi mwamphamvu mpaka Immaculata anafuula. "Tchula munthu."

"Ndatchula kale."

Lachitatu, dzuwa likulowa, kupeta kunamveka, koma sikunapite kutali. Kunadumpha mpanda n'kutera pa nyumba yoyandikana nayo. Bosko, galu wonenepa amene ankagwedezera mchira aliyense, analira kamodzi kokha. Lachisanu ana a pa nyumbapo ankasesa ubweya pakhonde, ndipo Loweruka anakamukwirira kuseri kwa mpanda. Tambala ankalirabe m'mawa uliwonse. Mphaka ankagonabe pa matumba a mbatata. Ndipo pa gulu la pa foni panabwera uthenga wa Gregory wothokoza Mulungu: kuyambira Lachitatu Thandiwe wayamba kudya, wakhala tsonga.

Immaculata anamulira galu uja kuposa mmene analirira anthu awiri aja, chifukwa ameneyu anamupha akudziwa. Kenaka anaganiza zokauza anthu. Koma akauze ndani? Akaime pamaso pa akuluakulu, iye wa mapiritsi, n'kunena kuti mayi amene amamutama pa guwa ndi mfiti, umboni wake galu? Akale anati wamisala anaona nkhondo, koma mwambiwo anthu amaukumbukira nkhondo itafika kale. Kuthawa kulukidwa Lamulungu kukanatheka, koma Lolemba akanamutsekera m'chipatala, ndipo sankadziwa ngati Margaret alibe njira ina yomalizira Thandiwe. Anafuna aone ndi maso ake.

Lamulungu lomaliza lija Margaret anaphika bwino, nayala mkeka pabalaza. Immaculata anakhala moyang'ana wailesi ya kanema, imene inali yozimitsa. M'galasi lake lakuda ankaona chithunzi cha mkulu wake kumbuyo kwake. Anaona kabotolo ka mafuta ogula kusitolo kali pambali, kosatsegula. Anaona dzanja la Margaret likulowa m'chitenje n'kutulutsa kansupa kakuda kokulungidwa mikanda yofiira. Chala chinaviikidwa m'menemo, n'kudzola pa liwombo pake. Tsitsi lotsalira m'chipeso linkapotedwa n'kulowetsedwa m'kamwa mwa nsupayo. Ndipo nsupayo inkapuma. Mbali zake zinkafufuma ndi kuphwa ngati mimba ya chule.

"Mawa ukupita kuchipatala, Ima," anatero Margaret. "Thandiwe akutuluka, iwe ukulowa. Adzabereka mwana wa Gregory iwe uli m'chipinda chokhoma. Sizikukupweteka?"

"Zikundipweteka."

"Ndiye nena."

"Nsupayo munaitenga kuti, achemwali?"

Kunja matatu ina inadutsa ikuliza nyimbo.

"Wayambanso kuona zinthu," anatero Margaret.

"Ndikuiona m'galasimo. Lusayo munayamba kumutchula ndinu. Yewo munayamba ndinu. Ine ndinkangomaliza."

Margaret anaseka pang'ono, kuseka kumene Immaculata anali asanakumvepo. Manja ake sanasiye tsitsi.

"Nanga ukauza ndani? Ine ndinasiya sukulu Sitandade 7 kuti iwe uphunzire. Ndinakalamba ndikulima fodya, iwe ukukwera ndege. Nditafika kuno ndinapeza tiana ta dzulodzulo tikundituma madzi pa misonkhano. Lusayo ankanditcha wantchito wako. Yewo anandiseka Chingerezi changa pamaso pa kwaya yonse. Ndipo Gregory atakusiya, ndani ankamuphikira, kumuchapira, kumutonthoza? Anadya nsima yanga miyezi isanu ndi umodzi, n'kukatenga kamtsikana kaja." Anaweramira kukhutu kwake. "Chinthuchi chimamva mawu ako okha. Ndinachimangira pa iwe dala. Ngakhale anthu apite kwa sing'anga wa kutali bwanji, adzaona nkhope yako. Tsono tchula Thandiwe, timalize."

Fungo la nsatsi linadzaza chipinda. Padenga malata anayamba kulira pang'onopang'ono, ngati wina akusuntha phazi podikira, ngakhale silinali Lachitatu. Amuna awiri a m'mutu aja anali chete, kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri.

Immaculata sanakonzekere zimene ananena. Zinangotuluka, ndipo zinali zoona kuposa zonse zimene ananenapo pamkeka umenewo.

"Thandiwe ali ndi mwamuna, ndi zoona. Koma inu, achemwali, mukalankhula anthu amakukhulupirirani. Mukanama amagwedeza mutu. Ine ndikanena kuti kunja kukugwa mvula amayamba asuzumira pawindo. Palibe chimene ndimachilakalaka kuposa chimenecho. Amene ndimamuchitira nsanje kuposa onse ndi inu, a Margaret."

Nsupa ija inagwa pamkeka n'kugubuduka yokha kulowera ku mapazi a Margaret. Padenga kunayamba: tseche, tseche, tseche.

"Bweza!" Margaret anakuwa, atamugwira m'mapewa. "Bweza mawu amenewo!"

"Ndabweza! Sindikuchitirani nsanje!"

Kupeta sikunasiye.

"Nena kuchokera mumtima, chitsiru iwe!"

Immaculata anayesa kachiwiri, kachitatu, akulira. Anatchula mpando, anatchula khoma. Koma chinthu chimene chinalandira bodza la galu chinali chitalawa choonadi tsopano, ndipo sichinafune china. Margaret anadzigwira kumutu. Atachotsa dzanja, pakati pa zala panali tsitsi.

Margaret sanatenge ngakhale chikwama chachikulu. Anatola nsupa, chiphaso ndi foni, n'kutuluka duku lili m'manja. Mama mboga anamuona akuthamangira matatu, akuyang'ana m'mwamba ngati munthu wothawa njuchi.

Lolemba m'mawa akuluakulu atabwera ndi galimoto, anapeza Immaculata atakhala pakhonde, mutu wolukidwa theka, mapaketi a mankhwala atawayala pathebulo kuti aliyense awerenge mapiritsi amene anamwa. Anawauza zonse. Anayang'anana. Wina anafunsa mwaulemu ngati Margaret sanathawe chifukwa choopa mng'ono wake. Komabe popanda wachibale wosaina, za kuchipatala zinayamba zaima.

Margaret anaimba foni ali ku Namanga, kenaka ali ku Dodoma. Ankati akuthamangira kwa munthu amene anamupatsa nsupa, kuseri kwa phiri la kwawo, kuti akamasule. Nthawi zonse mawu ake anali amodzi: bweza, Ima, bweza. Ndipo nthawi zonse Immaculata ankabweza, mpaka mawu anamuthera. Lachisanu kunabwera uthenga wa mawu kuchokera ku Mbeya. Utatha umenewo foni ya Margaret sinapezekenso. Ku chipata cha Songwe dzina lake silinalembedwe. Ku Ntcheu sanafike. Mpaka lero palibe anaona mtembo, ndipo palibe anamuona wamoyo.

Patatha sabata ziwiri, masana dzuwa likuswa mtengo, munthu anagogoda pageti. Anali Thandiwe, yekha, atamanga duku kubisa mbali ya mutu imene inalibe tsitsi. Anali ataonda, koma mimba inali pamalo pake. Immaculata anamuyang'ana, ndipo nsanje ija inamulasa pomwe inkamulasa kale. Anatseka pakamwa mwamphamvu, namulozera mpando.

"A Gregory sakudziwa kuti ndabwera," anatero Thandiwe. "Akuti mukunena kuti muli ndi uthenga wa achemwali anu. Akuluakulu akana kuumvera. Ine ndikufuna ndiumve."

Immaculata anaika foni pathebulo. Munamveka phokoso la pa siteji ya basi, ogulitsa akuitanira m'Chiswahili, kenaka mawu a Margaret, osasa ngati a nkhalamba: "Ima, mwana wa mayi anga, chakwera nane basi. Chili pamwamba. Ima..." Mawuwo anadukira pomwepo, koma uthengawo unapitirira kwa kanthawi.

Immaculata sanayang'ane foni. Ankayang'ana nkhope ya Thandiwe, kudikira funso la mapiritsi.

Thandiwe anali atagwira mimba yake ndi manja onse awiri.

"Ndani akupetayo?" ananong'ona. "Ndi chomwechi. Ndinkachimva padenga la chipatala masiku onse aja, koma ndinkaopa kunena. Ndinkati anthu aziti ndapenga."

"Mukuchimva?"

"Ndikuchimva, Immaculata."

Immaculata anazimitsa foni. Anangoweramira pathebulo n'kulira mokweza, kulirira Lusayo, Yewo, ndi mkulu wake, amene mawu amenewa okhulupirira Immaculata anamuchedwera ndi sabata zitatu. Thandiwe anazengereza pang'ono, kenaka anasendeza mpando wake pafupi.